Ndevu za pa Chithunzi

Mdzukulu wanga,

Landira moni, iwe ndi amuna ako ndi kamwana kaja ndimangokaonera pa foni ya bambo ako. Mukudzuka bwanji kumeneko? Kodi chifuwa chija chinamusiya mwanayo? Kuno tilipo. Bondo lakumanzere limalankhula kukachita mitambo, koma ndi bondo la munthu amene wayenda, sindilizenga mlandu. Bambo ako ali bwino, akungonenepa. Denga lakukhitchini likudontha pomwe linkadontha iwe uli kuno.

Kalatayi ndikulemba ndekha. Bambo ako anati andilembere, ndinakana, chifukwa nkhani ikadutsa m'manja mwawo imafika kumsika isanafike kwa mwini wake. Ukaona zilembo zikuluzikulu usaseke. Kusukulu sindinapondeko. Zilembozi ndinaziphunzira pa mabokosi a kunyumba ya katundu kumene ndinagwira ntchito, ndipo pabokosi salemba zing'onozing'ono.

Envelopu yako ya zithunzi inafika yosanyowa. Wati ukulemba buku la mtundu wathu, ndipo ukufuna ndikuuze anthu ali pazithunzizo ndisanatsikire kulichete. Mawu akutsikirawo sunawalembe, koma ndinawamva. Ndiyambe ndi zosavuta.

Mayi wovala diresi loyera ataima pafupi ndi maluwa si agogo ako aakazi. Ndi mkulu wawo. Sindikukudzudzula, diresilo linali limodzi pa atsikana onse a m'nyumba imeneyo, ndipo inenso linandisokonezapo pamene ndinkafunsira.

Bambo wogwira njinga ndi malume anga, mlongo wawo wa mayi. Njingayo usailembe pa chuma chawo. Inali ya wojambula, ndipo inalibe tcheni.

Pa chithunzi chaukwati pali munthu amene anamudula ndi lumo, n'kungotsala dzanja lake paphewa la mkwatibwi. Wandifunsa kuti anali ndani. Amene anamudulayo anali ndi zifukwa zake, ndipo zinali zomveka. Msiye choncho.

Makanda awiri ogona pabulangeti sindikuwadziwa. Makanda onse amafanana. Ndikanatha kukupekera mayina iwe n'kukhulupirira, koma ine si munthu wotero.

Tsopano ndifike pa chimene chandigwiritsa cholembera.

Ndi kachithunzi kakang'ono ka bambo anga kaja unakapeza m'kabati ya makina osokera a malemu agogo ako. Chachikulu chake ukuchidziwa. Ndi chija chakhala pakhoma kwa Mzime, mlongo wanga, azakhali awo a bambo ako: mwamuna wachipewa, wa ndevu zapamlomo zopindikira pansi. Wati kuseri kwa kakang'onoko kuli chidindo cha wojambula ndi chaka, ndipo chakacho ndi cha pamene bambo anali atamwalira kale. Watinso unafufuza m'mapepala akale n'kupeza kuti wojambulayo anatsegula malo ake bambo kulibe. Pamenepo sunaname. Maso ako ndi akuthwa, ndakuvulira chipewa.

Pamene unaterereka ndi potsatira pake. Unati wakufa sakhala pampando kuti amujambule, ndipo manda a bambo palibe amene anawaona. Choncho mwina bambo sanafe, anangothawa banja n'kukakhala kwina, mayi n'kubisa manyazi. Ndikudziwa kuti kwa bambo ako unalemba ngati funso. Koma bambo ako funso saliona, amangoona nkhani. Anauza mayi ako okupeza, iwo anauza wowaluka tsitsi, ndipo sabata isanathe nkhani inali itakhala pampando m'nyumba mwa Mzime, ilibenso mchira wa funso uja.

Walira mvula walira matope, mdzukulu. Tsopano imva.

Bambo anali m'gulu lomanga milatho ya njanji. Ankapita miyezi, kunyumba n'kukhala masiku ochepa. Anagwa kuchokera pachitsulo chapamwamba mtsinje utadzaza. Anawapeza kumunsi patapita masiku, ndipo mmene analili sakanatha kuwanyamula ulendo wautali, anawaika komweko. Mnzawo wapantchito ndiye anabwera kudzanena, atasenza bokosi lawo lamalata. Munali bulangeti, nsapato zantchito, sopo wotsala theka ndi chipewa. Ine ndinali wamkulu wotha kumva zimene munthuyo ananena atakhala pakhomo.

Chaka chotsatira malume aja anandipititsa kukaona pamene bambo anagona. Ukatsika sitima pa siteshoni yoyandikira mlathowo umatsata njanji chobwerera, ndipo kudzanja lamanja pali mulu wa miyala ndi chitsulo cha njanji chozikidwa choimirira. Ndiye kuti manda alipo amene anawaona. Sunandifunse, unafunsa mapepala.

Bambo sanajambulitsepo. Ankati nkhope yawo amaidziwa, safunika kuikumbutsidwa. Pamene ankamwalira mayi anali oyembekezera, ndipo amene anabadwa ndi Mzime. Ana apakati anali atatisiya ali aang'ono, choncho tinatsala awiri, ine ndi iye, wamkulu ndi khanda.

Tinkakhala mumdadada wa zipinda zalendi, mpopi umodzi pabwalo, zitseko zoyang'anizana. Chipinda chilichonse chinali ndi bambo. Kwina anali pampando, kwina anali pakhoma. Kwathu kunalibe pampando, kunalibe pakhoma. Mzime atafika msinkhu woyamba sukulu, ana a pamdadadawo anamupatsa dzina loti mwana wa bokosi. Ankati bambo ake ndi bokosi lamalata lija lili pansi pa bedi, ndipo akamadutsa ankamufunsa ngati bambo ake awapaka mafuta kuti asachite dzimbiri. Anasiya kutuluka. Tsiku lina mayi anamupeza atakoka bokosilo, atalivundukula, akulankhula ndi chipewa.

Nthawi imeneyo ine ndinali nditayamba kale kunyamula katundu. Loweruka lina mayi anandiuza kuti ndisambe bwino, tili ndi ulendo. Chipewa chija anachikulunga m'nsalu.

Wojambulayo anali pamwamba pa sitolo ya misomali ndi utoto. Unkakwera makwerero amatabwa akunja, n'kulowa m'chipinda chonunkha mankhwala, chokhala ndi nsalu yaikulu yojambulidwa zipilala ndi mitambo. Anthu ankamutcha Musapume, chifukwa asanadine ankakuuza zimenezo, ndipo nthawi zina ankaiwala kukuuza kuti upumenso. Anali ndi ntchito ziwiri. M'mawa ankajambula amoyo. Masana ankatseka chitseko n'kugwira ntchito ya akazi amasiye.

Ntchitoyo inkayenda chonchi. Ngati malemu sanasiye chithunzi, ankafuna zinthu zitatu: mwana kapena mbale wofanana naye, chovala chimodzi cha malemuyo, ndi mkazi wamasiye wosathamanga. Si ife tokha. Tinapeza mayi wina pabenchi ali ndi mlamu wake atavala tayi ya mkulu wake, akutuluka thukuta.

Musapume anandiveka jekete la pamalopo, m'mapewa n'kuikamo nyuzipepala kuti ndioneke wamkulu. Anandiveka chipewa cha bambo. Anandiuza kuti ndiganize za ngongole, chifukwa bambo wa m'nyumba sasekerera. Kenako anandiuza kuti ndisapume.

Chithunzicho anachikulitsa chili chotuwa, ngati munthu womuonera m'nkhungu. Ndiye masana angapo otsatira mayi ankakhala pambali pake, iye ali ndi timaburashi tating'ono ngati udzu, makala osalala ndi utoto m'timbale. Mayi ankanena, iye n'kumapaka. Ankati mphuno aikulitse pang'ono. Ankati maso awalowetse mkati. Ankati apa pakhale mzere, apa pakhale wina, chifukwa munthuyo ankagwira ntchito padzuwa. Pa ndevu ndiye anakanganapo. Musapume anazijambula zowongoka ngati za msilikali, mayi anati amuna awo sanali wapolisi, azipinde zitsike m'mbali mwa kamwa. Iye anati akazi amasiye onse amakongoletsa amuna awo kuposa mmene analili. Mayi anamuyankha kuti awo sankafunika thandizo.

Atamaliza, mayi anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati ndi yemweyo, kungoti sanakhalepo phee chonchi.

Chopakidwa utotocho anachijambulanso kuti atulutse ting'onoting'ono, n'kutidinda kuseri monga ankadindira ntchito yake yonse. Chidindo chako ndi chimenecho. Chaka chako ndi chimenecho. Munthu ali pachithunzicho ndi ine.

Potsika makwerero mayi anandigwira mkono n'kunena kuti zimenezi zithere pamakwerero pomwepo. Kunyumba anauza Mzime kuti akampani apeza chithunzi cha bambo m'maofesi awo ndipo atitumizira. Anachipachika moyang'anizana ndi chitseko kuti wodutsa aliyense azichiona. Mzime anaitana ana onse a pamdadada, mmodzimmodzi, kudzaona. Lolemba anapita kusukulu khosi lili njo.

Usayembekeze kuti ndipepesa. Mayi anachita zanzeru, inenso ndinakhala bwino pampando. Agogo ako aakazi ndinakhala nawo mpaka tsiku lawo lomaliza osawauza, ndipo sindinagonepo tulo tochepa chifukwa cha zimenezo.

Tsopano ndibwerere kwa Mzime wa lero, wa imvi, wa mankhwala a shuga.

Amene anandiuza ndi mayi wochita lendi chipinda chakuseri kwa nyumba yake. Anandipeza pamzere wa kuchipatala n'kundinong'oneza kuti azakhali achotsa bambo pakhoma. Ndinapita masana omwewo.

Mzime ndinamupeza akusita zovala pathebulo. Pakhoma panali msomali ndi malo oyera a ngodya zinayi pamene utoto sunaonepo dzuwa. Chithunzi chinali kuseri kwa kabati, chitayang'ana khoma. Sanadikire kuti ndifunse. Anati moyo wake wonse wakhala akupereka moni m'mawa uliwonse kwa munthu wothawa ana. Anati mayi anafa ali okhulupirika kwa mwamuna amene ankatafuna kunyumba ina. Anati felemu apatsa walendi aikemo galasi lodziyang'anira, pepalalo akoleza nalo moto. Ankanena zonsezi modekha, uku akutembenuza kolala ya bulauzi.

Ndinakhala pampando n'kuganiza. Mayi ananditseka pakamwa kuti mwanayo akhale ndi bambo. Tsopano kutseka pakamwa komweko ndi kumene kunkamulanda bamboyo. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinamuuza kuti aike simbi pansi, ndipo ndinamufotokozera zonse monga ndakufotokozera iwe.

Poyamba anaseka. Anati achimwene ukalamba wakulowani m'mutu. Anati kuyambira kale ndinkafuna kukhala bambo wa nyumba ino, tsopano ndafika pofuna kukwera pakhoma.

Ndinamuuza kuti atenge chithunzicho ayang'ane khutu lakumanzere. Langa ndi long'ambika pang'ono kumwamba, linakodwa ndi waya wa bokosi chaka chimene ndinayamba ntchito, iye ali wamng'ono kwambiri woti sangakumbuke. Musapume anaiwala kulikonza, mayinso maso awo anali pa ndevu.

Anachitulutsa, anachipukuta ndi mpango, anapita nacho pakhomo pamene pali kuwala. Anayang'ana khutu lapachithunzi, anayang'ana langa. Anati khutulo ankaliona masiku onse. Ankayesa ndi za kumtundu, kuti ine ndinatengera bambo. Anati ana ake onse atabadwa ankayamba kuwaona makutu, ndipo ankadandaula mumtima kuti palibe amene watengera agogo ake.

Kenako anakhala pansi n'kuyamba kuwerengera. Anati atalephera mayeso anagwada pamaso pa chithunzichi kupepesa. Anati yunifolomu yake yoyamba ya kuchipatala anaivala n'kuima patsogolo pake kuti bambo aione. Anati amuna ake atamwalira analira pamenepa, osati kumanda. Anati chaka chija ndinakana mnyamata woyendetsa lole amene ankamufuna, iye anadzitsekera m'chipinda n'kundinenera kwa bambo usiku ndi usana, kuti achimwene ndi munthu wouma mtima, wodzimva, wa makutu ngati zitseko. Ndiye kuti ankandinenera kwa ine ndemwe.

Ndinati madandaulowo sanandifike. Sanaseke.

Anandifunsa kuti nanga bambo enieniwo ankaoneka bwanji.

Ndinatsegula pakamwa mosavutika, chifukwa ndine ndekha wotsala amene ndinawaona. Ndinati anali ndi maso olowa mkati, mizere iwiri pachipumi, ndevu zopindikira pansi. Anandidula. Anati ndikumuwerengera chithunzi chimene ali nacho m'manja, iye akufuna munthu.

Ndinayesanso. Ndinakumbuka nsapato zawo pakhomo, zitauma matope. Ndinakumbuka kutsokomola kwawo m'mawa asanalankhule ndi aliyense. Ndinakumbuka manja onunkha phula, ndi kumbuyo kwa khosi lawo, chifukwa popita kusiteshoni ndinkayenda pambuyo nditanyamula kathumba. Koma ndikati ndiwatembenuze kuti andiyang'ane, imabwera ndi nkhope ya Musapume ija. Ndayesa kangapo kuchokera tsiku limenelo. Yeniyeniyo kulibe. Sindikudziwa kuti inachoka liti.

Ndinamuuza choncho. Anati ndizipita, simbi ikuzizira.

M'mawa mwake walendi uja anafika kwanga atanyamula chinthu chokulungidwa m'thumba la shuga. Anati azakhali akuti nayi nkhope yanu. Ndinachiimika kuseri kwa chitseko. Munthu sungadzipachike wekha pakhoma uli ndi ndevu zopaka.

Panapita masabata. Kutchalitchi Mzime anasamuka benchi. Tikakumana pamsewu ankapereka moni wa anthu osadziwana, wofunsa za thanzi koma osadikira yankho. Walendi ankandibweretsera nkhani ngakhale sindinamutume. Anati azakhali akungotola chakudya ngati mbalame, mankhwala akumwa mwa apo ndi apo, ndipo masana amakhala pampando atayang'ana msomali uja. Bambo ako anati tiitane abusa. Ndinawauza kuti iwo achita kale mbali yawo, akhale chete.

Ine sindinapiteko. Ndinali nditanena zoona, ndipo zoona sazitsatira ndi mphatso.

Mzime anabwera yekha Lachinayi lina dzuwa likupendeka. Anali atachepa, diresi likumukhuthukira m'mapewa. Ndinamupatsa mpando, anakana. Anatenga chithunzi kuseri kwa chitseko, anachivundukula, anachiimika pathebulo pafupi ndi pamene ndinakhala. Anabwerera m'mbuyo n'kumatiyang'ana tonse awiri, ngati munthu wosankha nsalu.

Anati waganiza bwino, ndipo vuto si chithunzi. Chithunzicho mayi ndiwo anachinena ndi pakamwa pawo, mzere uliwonse, ndipo mayi amuna awo ankawadziwa. Ngati anati ndi yemweyo, ndi yemweyo. Anati vuto ndi ine.

Anati ndili mnyamata sindinkafanana nacho kwenikweni, n'chifukwa chake sanaganizepo kanthu. Koma ndinakula n'kusunga ndevu zomwezo, zopindikira momwemo, kenako mizere inabwera yokha pamalo omwewo, maso n'kulowa mkati. Anati kale ankaziona ngati mwana wofanana ndi bambo ake, ndipo zinkamusangalatsa. Tsopano akangoyang'ana chithunzicho akuona ine, munthu amene amatsutsa mtengo wa tomato pamsika ndi kukangana ndi makondakitala a basi. Anati nkhope imodzi singakhale pa anthu awiri. Mmodzi aisiye. Ndipo ndevuzo chithunzi ndicho chinayamba kukhala nazo.

Ndinamufunsa ngati akudziwa chimene akunena. Ndinamukumbutsa kuti ndevu zimenezi ndinayamba kuzisunga bambo ako asanabadwe. Malemu agogo ako analimbana nazo zaka zonse, ankati zimasunga msuzi wa dzulo, analephera. Bwana wa kunyumba ya katundu anati zikuopseza makasitomala, analephera. Adokotala pondichita opaleshoni ya chophukacho anati tizichotse, ndinawauza kuti chophukacho sichili kukamwa. Ndinati sindinatengere chithunzi ayi, ndinangozisunga chifukwa zinkandikhala.

Anandifunsa kuti ndinadziwira kuti kuti zidzandikhala.

Funso lina ndi lamwano ngakhale lifunsidwe mwaulemu.

Anati sakundikakamiza. Iye ndi wamng'ono, sangalamule achimwene ake. Anangoti pakhoma pake pali msomali, ndipo iye bambo wina alibe. Anavundikira chithunzi chija n'kuchibwezera kuseri kwa chitseko, anatsanzika mwaulemu wonse, anapita. Ndinamuyang'ana akutsika msewu. Ankayenda akugwira mipanda ya anthu.

Ndinakhala masiku angapo. Ndinakonza mpando wothyoka, ndinasesa pabwalo pamene panali posesa kale. Loweruka ndinapita kwa wometa wanga, amene ali pakati pa wokonza mawotchi ndi wogulitsa makala.

Nditamuuza kuti achotse ndevu, anazimitsa wailesi. Anandifunsa ngati ndamva bwino zimene ndanena. Anandifunsa ngati ndapeza kamtsikana kamene kakundivutitsa. Amuna amene anali pabenchi anati mwina adala akufuna kulowa usilikali. Wina anati asazitaye, azisunge m'botolo, ana adzaone kuti kale kunali amuna. Ndinawauza kuti wometa amalipidwa kumeta, ndipo apabenchi salipidwa n'komwe.

Sizinatenge nthawi. Chinthu chimene wakhala nacho moyo wonse chimagwa pansalu ngati fumbi. M'galasi munali munthu wa mlomo wautali, wotuwa, ngati nkhuku yososoledwa. Nditatuluka panja mphepo inandigwira pamalo pamene sinandigwirepo.

Ndinadzera kunyumba kutenga chithunzi, ndinachinyamula ndekha m'khwapa mpaka kwa Mzime. Panjira anthu awiri ondidziwa anandidutsa osandipatsa moni.

Anatsegula chitseko n'kundiyang'ana. Anaphimba kamwa ndi dzanja, mapewa akugwedezeka. Atapezanso mpweya anafunsa ngati mlomo wanga wakhala wautali chonchi zaka zonsezi. Ndinati sindinabwere kudzayesedwa mlomo, andionetse msomali.

Ndinakwera pampando ndi bondo langali n'kuchipachika. Anati chapendekera kumanzere. Ndinachikonza. Anati tsopano chapendekera kumanja. Chitakhala bwino ndinatsika, iye anaima patsogolo pake, anapinda maondo pang'ono monga amachitira kuyambira ali mwana, n'kupereka moni kwa bambo. Anawauza kuti amukhululukire, kunali fumbi kuseri kwa kabati. Ine ndinayang'ana pawindo.

Kenako anateleka madzi a tiyi, ndipo anadya buledi pamaso panga, magawo akuluakulu. Ndikutsanzika anati ndikamabwera kwake chipewa ndizisiya kunyumba.

Usaganize kuti ndagonja. Ndinaona kuti kunja kwayamba kutentha, ndevu zimasunga thukuta.

Tsopano pempho langa, ndipo si kawirikawiri ine kupempha mwana.

Za kuthawa banja zija uzichotse m'buku lako, ndiponso m'makalata onse amene unatumizira asuweni ako. Uwalembere kuti unalakwitsa. Ulembe kuti bambo anagwa pamlatho ali pantchito, ndipo ali pansi pa mulu wa miyala pafupi ndi njanji, monga ndakuuzira. Ukafuna kukaona, bwera ndidakali ndi miyendo.

Pansi pa chithunzicho ulembe dzina la bambo, basi. Ndikudziwa kuti zikuvuta, chifukwa iwe umafuna chilichonse chikhale ndi umboni wake, ndipo umboni wa ichi ukuloza ine. Sindikuti uname mpaka kalekale. Ine ndi Mzime tikadzapita, udzalembe zonse, za Musapume, za nyuzipepala m'mapewa, za khutu. Koma bukulo likatuluka iye ali moyo, adzalitsegula, ndipo ndikufuna adzapeze bambo ake pamalo pawo.

Usamuimbire foni yopepesa. Nkhaniyi sakuifuna, ndipo ukaiyambitsa adzakufunsa za nyengo. Umutumizire moni monga mwa masiku onse, ndi chithunzi cha mwanayo chooneka bwino makutu ngati ukufuna aseke.

Ine tsopano ndagula lumo ndi kagalasi, ndinakapachika pamsomali wa pakhonde. M'mawa uliwonse ndimapeza ndevu zayambanso kumera. Sizinamve kuti zili ndi mwini wake wina. Ndimazichotsa ndisanamwe tiyi, chifukwa Mzime amatha kutulukira nthawi ina iliyonse.

Undiperekere moni kwa amuna ako, uwauze kuti nsapato zija zinandikwana ngakhale sindinawathokoze. Moni kwa apongozi ako. Mwanayo umuveke zofunda, musamamutulutse m'mawa kwambiri. Zithunzi zako ndikubweza mu envelopu yomweyi, kupatula kakang'ono kaja, kamene ndasunga.

Mulungu akuyang'anireni pogona ndi podzuka, akupatse maso owona ndi pakamwa podikira.

Ndine agogo ako aamuna,
bambo wa bambo ako.